Siteshoni yamagetsi ya malasha a lignite: kayendetsedwe kake ndi momwe amaitsekera

Malasha a lignite ndi abulauni, ofewa, ndipo amatuluka mu mgodi atadzaza madzi. Ku Rhineland m'dziko la Germany, theka la kulemera kwake kapena kupitirirapo ndi madzi okhaokha, ndipo a ku Latrobe Valley ku Australia madzi ake amafika mpaka 60 peresenti n'kupitirira. Kilogalamu imodzi imapereka mphamvu ya ma megajoule 8 mpaka 10, pomwe malasha akuda ngati a ku Mchenga kapena ku Moatize amapereka oposa 20. Zili ngati kuphikira nkhuni zaziwisi: moto umayamba walimbana ndi madzi usanayambe kugwira ntchito. Kamangidwe ka siteshoni, mavuto ake, ngakhalenso katsekedwe kake, zonse zimachokera pa madzi amenewa.

Kuno ku Malawi kulibe siteshoni yotere. Koma anzathu oyang'anira maboyila a malasha m'mafakitale a ku Makata ndi ku Chirimba, ophunzira zauinjiniya ku MUBAS, komanso onse amene akutsatira nkhani ya siteshoni ya mamegawati 300 yomwe yakhala ikukambidwa ku Kam'mwamba m'boma la Neno, apeza kuti zambiri mwa izi zikuwakhudza. Mtundu wa malasha ndi wosiyana, koma moto, nthunzi ndi phulusa khalidwe lake ndi limodzi.

Kuchokera ku mgodi kufika m'ng'anjo

Yambani ndi masamu. Yuniti (boyila imodzi ndi makina ake opangira magetsi) ya mamegawati 500 imene imasandutsa 35 peresenti ya mphamvu ya malasha kukhala magetsi imadya matani pafupifupi 600 pa ola. Amenewo ndi malole 20 a matani 30, lole imodzi mphindi zitatu zilizonse, usana ndi usiku. Palibe msewu umene ungapirire zimenezo, ndipo kulipira mayendedwe a katundu amene theka lake ndi madzi n'kutaya ndalama. N'chifukwa chake siteshoni ya lignite imamangidwa pakamwa pa mgodi, malasha n'kumabwera pa malamba. Mgodi ndi siteshoni ndi chinthu chimodzi: lamba akaduka, pakangotha maola ochepa ng'anjo imayamba kusowa chakudya.

Musaunjike malasha ambiri. Lignite akakhudzana ndi mpweya amayamba kutentha yekha mkati mwa mulu mpaka kuyaka popanda womuyatsa. Mulu uzitsenderezedwa ndi buludoza kuti mpweya usalowe, oyamba kufika azikhala oyamba kupsa, ndipo kutentha kwa mkati kuziyezedwa ndi chitsulo chobaya tsiku lililonse. Kukafika madigiri 60 mpaka 70, fukulani malowo, yalani malasha azizire, kenako tsenderezaninso. Kuwaza timadzi pamwamba sikuthandiza: madzi ochepa amakumba tinjira ta mpweya ndipo moto umabwerera uli wolusa. M'nkhokwe za pamwamba pa zigayo muzikhala zida zoyezera carbon monoxide, chifukwa mpweya umenewu umakwera utsi usanaoneke.

Malasha asanafike ku chigayo amadutsa pa makina ophwanya ndi pa maginito wochotsa zitsulo. Dzino limodzi lothothoka ku makina okumbira likalowa m'chigayo, ntchito ya tsiku lonse yaima.

Chigayo cha lignite chimagwira ntchito zitatu nthawi imodzi: kupera, kuumitsa ndi kukankha. Ndi gudumu lalikulu la zitsulo zomenyera limene limakoka utsi wotentha madigiri pafupifupi 1,000 kuchokera pamwamba pa ng'anjo. Malasha amagwera mu utsi umenewu, madzi amaphwa m'masekondi ochepa, zitsulo zimawaphwanya kukhala fumbi, ndipo fumbilo limaponyedwa m'ng'anjo. Pali zinthu ziwiri zoti diso lisachokepo. Choyamba ndi kutentha kwa potulukira chigayo, komwe kawirikawiri kumasungidwa pakati pa madigiri 120 ndi 180. Kukatsika, fumbi limatuluka lonyowa, limamatirira m'mapaipi ndipo lawi limayamba kuphethira. Kukakwera, moto uli pafupi kubuka m'chigayo momwemo. Chachiwiri ndi okosijeni, amene asapitirire 12 peresenti, chifukwa fumbi louma la lignite limaphulika. Chitseko chosatsekeka bwino kapena mng'alu pa njira ya utsi zimalowetsa mpweya wakunja mwakachetechete. Mchenga wobwera ndi malasha umadya zitsulo zomenyera, choncho boyila imakhala ndi zigayo zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi zitatu kuti chimodzi chizikonzedwa zinzake zikugwira ntchito.

Moto, madzi ndi phulusa

Lamulo loyamba poyatsa, ndipo limagwira ngakhale pa kaboyila ka m'fakitale, ndi kutsuka ng'anjo ndi mpweya. Yendetsani mafani kwa mphindi zosachepera zisanu, mpweya wonse wa m'ng'anjo usinthike kasanu, musanayatse chilichonse. Ngozi zambiri za kuphulika kwa ng'anjo zimachitika pamene moto wazima ndipo wina, pofuna kupulumutsa nthawi, wayatsanso pa fumbi ndi nthunzi ya mafuta zomwe zinali zikadali m'kati. Mukatsuka, yatsani ndi mafuta, ng'anjo itenthe, kenako lowetsani zigayo chimodzichimodzi. Yuniti yozizira imatenga maola 8 mpaka 10 kuti ifike potulutsa magetsi mokwanira. Kuthamangitsa kumapangitsa kuti kunja kwa zitsulo zochindikala kufutukuke m'kati musanatenthe, ndipo ming'alu imayambira pamenepo.

Mdani wa tsiku ndi tsiku ndi phulusa losungunuka. Lignite wambiri ali ndi sodium, calcium ndi chitsulo, zomwe zimachititsa phulusa kusungunuka msanga n'kumatirira pa makoma a mapaipi. Likamata, kutentha sikulowanso m'madzi, utsi umatuluka m'ng'anjo uli wotentha kwambiri, ndipo mapaipi a superheater, owonjezera kutentha kwa nthunzi, amapsa. Zizindikiro zake ndi kukwera kwa kutentha kwa utsi ndi kuchuluka kwa madzi opopera oziziritsa nthunzi. Utsi wotuluka ukakwera ndi madigiri 20, boyila yataya pafupifupi 1 peresenti ya mphamvu. Zida zopemerera nthunzi ndi zothira madzi pa makoma zizigwira ntchito motsatira ndondomeko, osadikira kuti zibuma zikule. Chibuma cha matani angapo chikasomphoka pamwamba chimaphwanya mapaipi a pansi pa ng'anjo.

Madzi a m'boyila amachotsedwa mchere wonse, pH yake imasungidwa pamwamba pang'ono pa 9, ndipo kuyeza kwake sikudumphidwa. Paipi ya condenser, momwe nthunzi imabwerera kukhala madzi, ikabooka, madzi akuda oziziritsira amasakanikirana ndi oyera, ndipo dzimbiri limayamba m'kati momwe diso silifika. Kubooka kwa mapaipi a boyila ndiko kumaimitsa mayuniti a malasha kuposa vuto lina lililonse. Mukaona madzi owonjezera akukwera popanda chifukwa, kapena mukamva kulira kwa nthunzi pa khoma, konzekerani kuzimitsa. Nthunzi yotuluka pa kabowo kamodzi imacheka mapaipi oyandikana nawo, ndipo ntchito ya masiku awiri imasanduka ya sabata ziwiri.

Mayuniti akale amatulutsa nthunzi ya madigiri pafupifupi 540. Atsopano a ku Neurath ku Germany, a mamegawati 1,100 iliyonse, amafika madigiri 600 ndipo amasandutsa 43 peresenti ya mphamvu kukhala magetsi. Ngakhale zili choncho, yuniti iliyonse ya magetsi (kilowatt-hour) yochokera ku lignite imatulutsa pafupifupi kilogalamu imodzi kapena kupitirirapo ya carbon dioxide, kuposa malasha akuda, mafuta ndi gasi, ndipo imamwa malita awiri kapena atatu a madzi oziziritsira. Fumbi la mu utsi limagwidwa ndi makina a magetsi otchedwa precipitator, sulfure amatsukidwa ndi madzi a laimu n'kusanduka gypsum. Utsi usazizire kwambiri usanafike kotsukirako, apo ayi asidi amatsika n'kudya zitsulo.

Zaka zomaliza

Tsiku lotseka likalengezedwa, eni ake amayamba kuumira ndalama zokonzera, ndipo mwa zina akulondola: palibe chifukwa chogulira turbine (makina ozunguzidwa ndi nthunzi, oyendetsa jenereta) yatsopano pa yuniti yotsala ndi zaka zitatu. Koma pali zinthu zimene sizidziwa kuti siteshoni ikutsekedwa. Mavalavu otulutsa nthunzi ikachuluka, chitetezo cha turbine ikathamanga mopitirira, mapampu ozimitsira moto, mabatire ndi pampu ya mafuta ya mwadzidzidzi ziziyesedwa mpaka tsiku lomaliza. Mapaipi akuluakulu a nthunzi amene agwira ntchito maola oposa 200,000 aziyezedwa makamaka m'malo owotcherera, chifukwa chitsulo chotentha chimanyuluka pang'onopang'ono mpaka kung'ambika. Vuto limakula chifukwa m'zaka zimenezi yuniti imayatsidwa ndi kuzimitsidwa pafupipafupi popereka mpata kwa magetsi a dzuwa ndi mphepo, pomwe inamangidwa kuti iziyaka mosalekeza.

Anthu nawonso amathawa. Oyamba kupeza ntchito kwina ndi aluso amene mukuwafuna kwambiri. Konzani malipiro apadera a otsala mpaka kumapeto, ndipo lembani zomwe akuluakulu akudziwa pamtima: komwe kunakwiriridwa mawaya, valavu imene zojambula zimanama za iyo, dzenje lomwe munatayidwa mafuta zaka 30 zapitazo. Ogwetsa nyumba adzafuna zimenezi.

Chenjezo liperekedwe msanga. Siteshoni ya Hazelwood ku Australia, ya mamegawati 1,600, inalengeza kutseka mu November 2016 n'kuzima mu March 2017. Miyezi isanu sinakwane kumanga cholowa m'malo, mitengo ya magetsi inakwera, ndipo dzikolo linakhazikitsa lamulo loti siteshoni yaikulu izichenjeza kutatsala zaka zosachepera zitatu. Yallourn, yoyandikana nayo, inalengeza mu 2021 kuti idzatseka mu 2028. Germany inaika mu lamulo la 2020 kuti malasha onse adzathe pofika 2038, yuniti iliyonse ya lignite ili ndi tsiku lake. Jänschwalde, ya mayuniti asanu ndi limodzi a mamegawati 500, ikuzimitsidwa pang'onopang'ono mpaka kumapeto kwa 2028. Ife a ku Blantyre tikudziwa tanthauzo la kutaya siteshoni mwadzidzidzi: namondwe Ana atawononga Kapichira mu January 2022, mamegawati pafupifupi 130 anachoka tsiku limodzi, ndipo tinakhala mu mdima wosinthanasinthana kwa chaka chathunthu.

Cholowa m'malo si mamegawati okha. Jenereta yolemera yozungulira maulendo 3,000 pa mphindi imagwira ma hertz 50 kuti asagwe msanga pakachitika vuto, komanso imachirikiza voteji ya dera lonse. Oyendetsa mawaya akuluakulu ayenera kuwerengera zimenezi zaka zisanakwane. Nthawi zina yankho limakhala kulekanitsa jenereta ku turbine n'kuisiya izizungulira ngati synchronous condenser, makina ongochirikiza voteji ndi ma hertz, kapena kuika mabatire aakulu pamalo pomwepo, popeza mawaya ndi mathiransifoma alipo kale.

Tsiku lozimitsa

Cholinga ndi chakuti moto uzime nkhokwe zili mbee. Kutatsala masabata angapo, gwirizanani ndi a ku mgodi kuti mulu uthe, ndipo werengerani nthawi yoimitsa lamba aliyense kuti malasha otsiriza apsere m'ng'anjo. Lignite wotsala m'nkhokwe amayaka patapita masiku, pa nthawi imene anthu achepa kale.

Moto ukadali wamphamvu, pemererani mapaipi onse komaliza. Kenako tsitsani katundu (magetsi amene yuniti ikutulutsa) pang'onopang'ono, nthunzi izizizira digiri imodzi kapena awiri pa mphindi, kuti turbine izizire ikadali kuzungulira. Katundu akatsika kufika cha pa theka, yatsani mafuta ochirikiza lawi. Imitsani zigayo chimodzichimodzi: dulani malasha, chigayo chizungulirebe mpaka chitapera zonse za m'kati, kenako tsekani njira ya utsi wotentha.

Apa ndi pamene pamafunika mutu wozizira. Katundu akatsala pang'ono, tsekani nthunzi ya ku turbine, ndipo musatsegule breaker (swichi yolumikiza jenereta ku mawaya akuluakulu) mpaka mita itaonetsa kuti jenereta yayamba kukoka magetsi m'malo motulutsa. Umenewo ndiwo umboni woti mavalavu atsekekadi. Mukatsegula breaker valavu ina ikudontha nthunzi, turbine yopanda katundu imathamanga mopitirira malire m'masekondi ochepa ndipo imatha kumwazika.

Turbine ikaima, ilowetseni pa turning gear, mota yoizunguza pang'onopang'ono, nthawi yomweyo, pampu ya mafuta ikuyenda. Shafiti yotentha ikangokhala phee imapindika, chifukwa pamwamba pamatentha kuposa pansi. Izungulire masiku angapo mpaka chitsulo chitatsika pansi pa madigiri 150. Ena amati n'kuvutikiranji pa makina opita ku sikirapu. Yankho ndi lakuti shafiti yowongoka imagulitsika, ndipo yuniti yozimitsidwa imatha kuitanidwanso: Germany inabwezera pa ntchito mayuniti ena a lignite mu 2022 gasi atasowa.

Tsukaninso ng'anjo ndi mpweya moto ukazima. Khuthulani phulusa lonse m'mafanelo likadali lofunda, chifukwa phulusa la calcium wambiri likakoka chinyontho limauma gwa, ndipo pambuyo pake limafuna nyundo ya makina. Ngati yuniti ikusungidwa kuti mwina idzayakenso, khuthulani madzi a m'boyila chitsulo chikadali chotentha kuti chiume chokha, kenako muzipemerera mpweya wouma chinyontho chikhale pansi pa 40 peresenti. Ena amadzaza nitrogen. Ngati mwatero, khomani zikwangwani pa chitseko chilichonse: nitrogen sanunkha, ndipo wolowa amakomoka asanadziwe kuti pali vuto.

Jenereta zikuluzikulu zimaziziritsidwa ndi hydrogen, amene amaphulika akakhala pakati pa 4 ndi 75 peresenti mu mpweya. Musamuthamangitse ndi mpweya wamba. Lowetsani carbon dioxide kuchokera pansi mpaka hydrogen atatha, kenako mpweya wouma uthamangitse carbon dioxide. Pampu ya mafuta otsekera m'mphepete mwa shafiti isazime ntchitoyi isanathe.

Kuchotsa zoopsa ndi kugwetsa

Musadule magetsi onse chifukwa choti jenereta yaima. Mapampu a m'zipinda za pansi, ozimitsira moto, magetsi ochenjeza ndege pa chumuni ndi mapampu a ku mgodi akufunabe mphamvu, ndipo afunika chingwe chawochawo chisanadulidwe chakale. Malo osinthira magetsi nthawi zambiri amatsala m'manja mwa oyendetsa mawaya, choncho mawaya ake olamulira ndi mabatire alekanitsidwe mosamala. Kudula waya umodzi wolakwika kungazimitse chigawo chonse.

Kenako yendani chipinda ndi chipinda ndi kaundula m'manja. Mafuta a turbine ndi oyatsira, asidi ndi soda wa kotsukira madzi, ammonia, hydrazine, mabatire, gasi wa SF6 wa m'ma breaker, zonse zichotsedwe ndi anthu a ziphaso. Mafuta a mathiransifoma akale ayezedwe ngati ali ndi mankhwala apoizoni a PCB asanagulitsidwe. Pa mafanelo ndi pa nkhokwe pamakhala timabokosi toyezera kuchuluka kwa katundu tokhala ndi caesium-137 kapena cobalt-60. Timeneti tiwerengedwe ndi kuchotsedwa poyambirira penipeni, chifukwa kamodzi kakalowa mu sikirapu kamavulaza wodula, wonyamula ndi wosungunula. Kuno kwathu nkhani zotere zili pansi pa Atomic Energy Regulatory Authority. Siteshoni zomangidwa isanafike 1980 zimakhala ndi asbestos wambiri pa mapaipi ndi pa boyila, ndipo kumuchotsa kumatenga nthawi ndi ndalama kuposa kugwetsa kwenikweniko. Alonda achuluke, asachepe. Tonse tikudziwa zomwe zimachitikira thiransifoma yosiyidwa yokha usiku, ndipo wakuba kopa sadziwa kuti waya uti udakali ndi moto.

Pogwetsa, kumbukirani kuti boyila siikhala pansi: imalendewera ku denga la nyumba yake kuti izifutukukira m'munsi ikatentha. Kufooketsa mizati musanaphulitse ndi ntchito yowerengera, yosafuna kuyerekeza. Ku Didcot ku England, mbali ya nyumba ya boyila inagwa mu February 2016 ikukonzedwa kuti igwetsedwe, ndipo anthu anayi anafa.

Mgodi ndi madzi

Gawo ili ndi lalitali kuposa onse, ndipo ndi limene limaiwalika powerengera ndalama. Mgodi wa lignite ndi dzenje lotseguka, lakuya mamita mazana angapo m'malo ena, lomwe limakhala louma chifukwa mapampu akhala akutsitsa madzi a pansi kwa zaka makumi. Mukangozimitsa mapampu, madzi amakankha kuchokera pansi, makoma amafewa n'kugumuka. Ku Nachterstedt ku Germany, gombe la mgodi wakale womwe unkadzazidwa madzi linagumuka mu July 2009 n'kutenga nyumba, anthu atatu anafa. Choncho makoma amayamba asalazidwa ndi kutsenderezedwa, ndipo dzenje limadzazidwa ndi madzi a mumtsinje mofulumira kuposa momwe madzi a pansi akukwerera, kuti kulemera kwa nyanja kugwire makoma. Nyanja ya Cottbuser Ostsee, yomwe inali mgodi wodyetsa Jänschwalde, inayamba kudzazidwa mu 2019, ndipo chilala chinaimitsa ntchitoyo kangapo. Funso loti madzi adzachokera kuti, ndipo alimi a kumunsi adzatsala ndi chiyani, liyankhidwe mgodi usanatsekedwe.

Malasha oonekera pa makoma akwiriridwe ndi dothi la makande, ndipo mapaipi ozimitsira moto asazulidwe m'zigawo zimene zasiya kukumbidwa. Mu February 2014 moto wa m'tchire unalowa m'zigawo zakale za mgodi wa Hazelwood, unayaka masiku 45, ndipo tauni ya Morwell inakhala mu utsi nthawi yonseyo.

Pali vuto lina lochedwa kuonekera. Dothi lofukulidwa limakhala ndi pyrite, mwala wa chitsulo ndi sulfure, amene akakumana ndi mpweya amapanga asidi. Madzi a pansi akamakwera amatsuka asidiyo pamodzi ndi chitsulo n'kupita nazo m'mitsinje. Mtsinje wa Spree ku Germany unasanduka wabulauni m'madera ena patapita zaka migodi yozungulira itatsekedwa. Mankhwala ake ndi kusakaniza laimu m'dothi pokwirira, ndi kumanga malo otsukira madzi amene adzagwire ntchito zaka zambiri siteshoni kulibe.

Damu la phulusa liumitsidwe, liphimbidwe ndi dothi losalowa madzi, libzalidwe udzu, ndipo likhale ndi ngalande zokwana mvula yonga ya namondwe Freddy, osati mvula wamba. Kumtunda ndi kumunsi kwake kukumbidwe zitsime zoyezera, ndipo madzi ake aziyezedwa pH, sulphate, arsenic, boron ndi selenium miyezi itatu iliyonse, zotsatira zizipita kwa oyang'anira zachilengedwe ndi kwa mafumu a midzi yomwe imamwa madziwo. Kwa ife, ntchito iliyonse ya malasha imene idzapite ku MEPA, bungwe loyang'anira zachilengedwe, ndi ku MERA kukapempha chilolezo iyenera kufunsidwa kuti ndalama za kuyeza kumeneku, za damu ndi za kugwetsa zikusungidwa mu thumba liti, ndani angazitape, ndipo zidzatsala bwanji kampani ikagwa kapena ikagulitsidwa. Thumbalo lizidzazidwa kuchokera pa yuniti iliyonse ya magetsi yogulitsidwa kuyambira chaka choyamba, ndipo likhale pa akaunti yosiyana ndi ya kampani.